Ku Kitwe Tilibe Munthu

Kabwata, Lachinayi madzulo

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi cholembera pamene iwe wapita kukatsanzika anzako a kwaya, ndipo ndikufuna ndimalize usanabwere. Ukudziwa kuti ine pakamwa sindisowa mawu, mzere wonse wa nyumba zino ungachitire umboni. Koma zimene ndikufuna kunena lero, ndikaziyamba pakamwa ndithera kukalipa, iwe n'kungoti "chabwino mami" monga umachitira. Papepala sungandidule ndi ulemu wakowo.

Mawa m'mawa ukunyamuka. Aliyense, kunyumba kuno ndi kutchalitchi komwe, akudziwa kuti ukupita ku Chipata kukaphunzira zauphunzitsi. Koma iwe ndi ine tikudziwa kuti koleji imeneyo sunasankhe ndiwe, ndinasankha ine. Iwe unkafuna ya ku Kitwe, ya zamagetsi, ndipo anakutenga. Tsiku limene unandionetsa uthenga wawo pafoni, nkhope ikuwala, ine ndinafunsa funso limodzi lokha: "Ku Kitwe tili ndi ndani?" Unati palibe. Ndinati ndiye nkhani yatha, ku Chipata kuli azakhali ako aNaphiri, mlongo wa malemu atate ako, akakuyang'anira. Unayang'ana pansi n'kunena kuti, "Nilibe vuto, mami. Kulikonse kwamene mufuna nizayenda." Ndinadzitama mumtima kuti ndinabereka mwana womvera. Lero mawu akowo akundiwawa.

Lero m'mawa azakhali ako anaimba foni. "Mlamu," anatero, "mwanayo abwere ndithu, chipinda ndakonza. Zogona kusukulu asayambe, pakhomo pano malo alipo. Ndiponso akubwera nthawi yake, mtsikana wantchito uja ndamuuza kuti mwezi uno ndi womaliza. Zidzukuluzi zandikulira." Anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma atadula foni ndinakhala pa mpando wa makina osokera osasoka kanthu. Mawu oterowo ndinawamvapo kale, ndili msinkhu wako.

Usawaipidwe azakhali ako. Ndi munthu wabwino, pa maliro a atate ako ndiwo anandigwira dzanja kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Mumtima mwawo akuona kuti akutithandiza, ndipo nawonso athandizika. Ndi mmene timachitira kwathu kuyambira kale: mwana akamapita kusukulu yakutali, timayamba tapeza nyumba ya m'bale, kenako n'kuyang'ana sukulu imene ili pafupi ndi nyumbayo. Chimene mwanayo akukaphunzira chimabwera kumapeto, ngati chabwera n'komwe.

Ine ndinamaliza sekondale ku Katete masamu ndikuwadziwa kuposa anyamata onse a m'kalasi mwathu, ndipo sindikunama. Chaka chimenecho kunabwera anthu oyeza msewu ndi kachipangizo kawo ka miyendo itatu. Ndinkaima padzuwa kuwaonerera mpaka agogo ako aakazi kundikuwira kuti madzi atha. Ndinkaifuna ntchito imeneyo. Mphunzitsi wanga wa masamu anandiuza kumene amaphunzitsa zoterozo, koma agogo ako aamuna anafunsa funso lomwe lija: kumeneko tili ndi ndani? Kunalibe. Ku Lusaka kokha ndiko kunali amalume anga, ku Woodlands, m'nyumba ya boma. Akazi awo ankadziwana ndi mwini kasukulu kena kophunzitsa kutayipa, pamwamba pa sitolo ya nsalu m'tauni. Basi, tsogolo langa analikambirana akuluakulu pakhonde, ine ndikutsuka mbale kuseri.

Ku Woodlands ndinkadzuka kusanache. Kusesa pabwalo, kupukuta pansi mpaka pawale, kuchapa matewera a mwana wawo wamng'ono. M'kalasi ndinkafika mochedwa, manja akununkha sopo, n'kuyamba kuwodzera. Alendo akabwera, akazi a amalume ankati, "Aka ni kamtsikana kathu ka kumunzi, kamatithandizako." Za sukulu sankazitchula n'komwe. Ndipo ukanaiona sukuluyo! Atsikana tinali thothotho m'chipinda, makina otayipira ochepa, ena zilembo zitagweluka ngati mano a nkhalamba. Ambiri tinkaphunzirira pa katoni yojambulidwa mabatani, kugogoda ndi zala popanda chotuluka. Pamene ndinkalandira satifiketi, maofesi anali atayamba kale kufuna odziwa kompyuta. Ndinayenda nayo m'tauni muno mpaka nsapato kutha, kenako ndinakhala pa makina osokera, ndipo ndi pamene wandipeza.

Sindikunyoza kusoka, ndiko kwakulerani. Koma mpaka lero, ndikakhala m'minibasi n'kuona anthu oyeza msewu, ndimatembenuza khosi mpaka asowe. Choncho mvera, Tiya. Usasankhe koleji chifukwa cha nyumba imene ili pafupi nayo. Nyumba ya m'bale ili ndi ntchito zake, ndipo ntchito za pakhomo sizidziwa kuti mawa uli ndi mayeso. Lowa m'kati mwa sukuluyo, uone zimene udzagwire ndi manja ako. Ngati ndi zamagetsi, uone mawaya, mamita ndi mainjini, ndipo uone ngati ophunzira akuzigwiradi kapena zangotsekeredwa m'kabati kudikira alendo.

Ungaganize kuti zitandichitikira zimenezi ndinachenjera. Ayi ndithu. Mkulu wako Misozi atamaliza sekondale anapeza malo pa sukulu ya boma ya unamwino, kutali ku Luapula. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke mmene anavinira pabalaza. Ine ndinangomva mawu a bambo anga akutuluka pakamwa panga. Ku Luapula tinalibe ngakhale galu wotidziwa. Ndiye mnzanga wa m'chigwirizano cha amayi, amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi, anandiuza kuti wayamba ntchito yoyang'anira atsikana pa koleji yatsopano ya unesi ku Makeni. "Mubweletseni kuno, anzanga," anatero, "azankhala m'manja mwanga." Ndinaona ngati Mulungu wandiyankha.

Tinapita tsiku lolandira makolo. Mpanda wopentedwa woyera, basi yawo itajambulidwa atsikana ovala zoyera akumwetulira, tenti, mipando, abusa otsegula ndi pemphero, zakumwa zozizira ndi masikono. Ine mtima unakhala pansi ndisanalowe m'kalasi ngakhale imodzi. Misozi anandinong'oneza kuti, "Mami, funsani ngati boma iiziba iyi sukulu. Funsani mapepala." Ndinamutsina pantchafu. Ndikanayamba bwanji kufunsa mapepala kwa Mkhristu mnzanga, munthu wovala bulauzi ya chigwirizano ngati yanga, pamaso pa abusa? Zikanaoneka ngati ndikumutcha wakuba. Ndinasankha kusunga ulemu wa pa benchi, wopwetekayo n'kukhala mwana wanga.

Misozi anaphunzira mwakhama mpaka kumaliza. Anavala gauni, tinapha nkhuku, ine ndinaluluta mpaka mawu kusasa. Itakwana nthawi ya mayeso opezera chilolezo cha ntchito, a bungwe loona za anamwino anati kolejiyo sakuidziwa. Tinathamangira ku Makeni, tinapeza geti lokhoma, chikwangwani atachotsa. Mnzanga uja nayenso anali atanamizidwa. Analira pakhomo panga pano mpaka ndinayamba kumutonthoza ndine, Misozi ali m'chipinda atadzitsekera.

Ukudziwa kumene mkulu wako ali lero. Ku Kabulonga, kusamalira bambo wina wokalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwayeza kuthamanga kwa magazi. Ntchito yonse ya nesi akuigwira, ndipo akuigwira bwino, koma eni nyumba akamauza alendo amati ndi wantchito wawo. Amalowera pa kageti kakang'ono ka kumbali. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Koma kuyambira chaka chimenecho, akabwera kuno amakhala ngati mlendo, chikwama pamiyendo, maso ali pa wotchi. Ndinataya ntchito ya mwana wanga, ndipo mwanayonso ndinangotsala pang'ono kumutaya.

Funsa, mwana wanga. Funsa ngakhale nkhope itenthe ndi manyazi. Munthu woona sakwiya ukamufunsa mapepala, amangotsegula kabati. Ndipo usafunse mwini sukulu yekha, iye sanganyoze zake. Pita ku ofesi ya boma imene imalembetsa makoleji, upitenso ku bungwe loona za ntchito imene ukuphunzirayo, uwafunse ngati akuidziwa sukuluyo, ndi maphunziro akowo makamaka, chifukwa ina anailoleza kuphunzitsa chinthu chimodzi koma ikuphunzitsa zisanu. Usapite tsiku la tenti ndi masikono. Pita tsiku wamba pakati pa sabata, uzungulire kuseri kumene ophunzira amayanika zovala, uwafunse iwowo. Aphunzitsi amabwera? Amakutengani kukagwira ntchito yeniyeni? Amene anamaliza chaka chatha ali kuti? Ukadzakhala ndi ana ako, udzachitenso chimodzimodzi, ndipo mwana akadzakunong'oneza funso usadzamutsine.

Pali china chimene chikundivuta kulemba. Sikuti ndinkangoopa kuti ku Kitwe tilibe munthu. Ndinkachitanso manyazi. Amayi a chigwirizano tikakhala pansi pa mtengo uja titatuluka m'mapemphero, timafunsana za ana ngati tikuonetsana zitenje zatsopano. "Wanga ndi nesi." "Wanga ndi mphunzitsi." Zimatuluka bwino pakamwa. Ndinayeserera ndekha kukhitchini kunena kuti "wanga ndi wamagetsi", n'kukuona uli m'ovolosi pamwamba pa mtengo wa magetsi, chipewa cholimba kumutu, anthu pansi akuloza. Ndinati ayi, mwana wanga wamkazi sangatero. Chonsecho magetsi akapita, ine ndemwe ndimasokera nyali ya sola imene unalumikiza iwe, ndipo mota ya makina anga itasiya kuzungulira sindinaitane munthu. Theka la Kabwata limagogoda pageti pano ndi matochi, mawailesi ndi zitsulo zositira. Unayamba kalekale, tsiku lija unamasula wailesi yonse ya atate ako n'kuyala tizidutswa pamphasa. Ine ndinavula patapata, iwo anandigwira dzanja nati, "Musiyeni, tione ngati aibweza." Unaibweza, kungoti kuyambira pamenepo inkagwira siteshoni imodzi yokha.

Usasankhe ntchito chifukwa imamveka bwino pakamwa pa mayi ako. Amayi a pansi pa mtengo adzaomba m'manja tsiku la gauni n'kubwerera kwawo, wodzuka Lolemba lililonse kupita kuntchitoko udzakhala iwe. Dzifunse chimene ungathe kuchita ngakhale utatopa, ngakhale palibe wokuyamikira. Ine ndinakuona ukuiwala kudya chifukwa cha mawaya. Sindinakuonepo ukuiwala kudya chifukwa chophunzitsa ana a Sande sukulu, ngakhale kuti amakukonda.

Azakhali ako atadula foni, sindinathe kukhala m'nyumba. Ndinakwera minibasi kupita ku Kabulonga, ndinapempha mlonda kuti andiitanire Misozi. Anatuluka atavala epuloni, tinaima m'mbali mwa mpanda. Ndinamufotokozera zonse, kenako ndinamufunsa chimene sindinamufunsepo chibadwire, kuti iye akuona bwanji.

"Mami, manje ndiye mwabwela kunifunsa?" anatero. Kenako anati, "Ninayenda ku Kitwe pa ofu yanga mwezi watha. Ninangena mu wekishopu, ninakamba na bana ba sukulu, ninafunsa na ku boma. Sukulu ili bwino, baiziba. Manzi ku hositelo yavuta, na bakazi ni bang'ono mu kalasi, koma mawaya na vonse vosebenzela vilipo. Malo ya Tiya bakali kusunga mpaka pa Mande."

Ndinati, "Nanga bwanji sunandiuze?"

Anati, "Imwe mumamvela?"

Sanakweze mawu. Anangokonza epuloni yake n'kunena kuti nthawi ya mankhwala yakwana, analowa pa kageti kaja. Ine ndinayenda wapansi mtunda wautali ndisanakumbuke zokwera basi. Mwana amene ndinamulakwira anagwiritsa masiku ake opuma kuchitira mng'ono wake zimene mayi ake analephera kumuchitira iye. Udzamuthokoze mkulu wako, Tiya, ndipo usadzamuchitire manyazi pamaso pa anzako ophunzira.

Tsopano usamve molakwa. Sindikuti pita ku Kitwe. Ndikatero ndiye kuti ndasankhanso ine, kungosintha basi. Koleji ya ku Chipata ndi yabwino, ndi yodziwika ku boma, ndipo uphunzitsi ndi ntchito ya ulemu. Mwina miyezi imeneyi mtima wako wazolowera, mwina wayamba kuifuna. Ngati ndi choncho, pita mosangalala, koma ukagone ku hositelo. Kwa azakhali ako uzikapita Lamulungu ngati mlendo, kudya, kutsuka mbale zako n'kubwerera. Zimenezo ndiwauza ndine, ndipo ngati ukupita ku Kitwe ndiwauzanso ndine. Andinena kuti ndayamba kunyada, kuti ndaiwala achibale a mwamuna wanga. Anene. Mutu wanga waimvi uwu ungathe kusenza zimenezo, wako usasenze.

Kulikonse kumene upite, pali chinthu chimodzi chimene ndikukupempha. Ukakaona kuti zinthu sizili bwino, unene msanga. Misozi anaona chaka choyamba chomwe kuti sakuwatengera kuchipatala kukaphunzira pa odwala, kuti aphunzitsi akusinthasintha ngati nyengo, koma anakhala chete chifukwa choopa pakamwa panga. Akananena, mwina tikanapulumutsa zaka zake. Kapena mwina sindikanamva, sindikudziwa. Iwe usandipatse ulemu wotero. Ndiimbire, undiuze, ndikakalipa undisiye ndimalize, kenako unenenso. Kusintha sukulu chaka choyamba n'kowawa, koma sikufanana ndi kupeza geti lokhoma uli ndi gauni m'chikwama.

Ngati ndi ku Kitwe, konzeka kusekedwa. Chibemba chako n'chopindika, ndinakumva ukulankhula ndi aneba athu aja a ku Mansa, ndinachita kubisa nkhope. Seka nawo, uphunzira. Anyamata a m'kalasi adzafuna kukunyamulira zida, ena mwa chifundo, ena ali ndi zawo. Nyamula wekha. Gula chigubu chachikulu cha madzi tsiku loyamba lomwe, usadikire kuti mpopi uume. Peza tchalitchi, koma usaganize kuti aliyense woimba nyimbo zathu ndiye kuti mawu ake sayenera kufufuzidwa. Ndipo poti kumeneko tilibe munthu, anthu ako udzawapeza wekha, pang'onopang'ono, poona zochita zawo. Ine zimenezi zikundiopsa, sindikubisa. Chibadwire chako sunagonepo kumene ine sindikudziwa mwini nyumba.

Pepa, mwana wanga. Pepa kuti uthenga wako wa pafoni uja sindinauwerenge n'komwe mpaka kumapeto. Pepa kuti ndinakusokera masiketi aatali a uphunzitsi ndisanakufunse ngati ukuwafuna. Bambo anga anandilakwira posadziwa, koma ine ndinkadziwa kuwawa kwake, ndipo ndinachitabe kwa mkulu wako, n'kutsala pang'ono kuchitanso kwa iwe. Zaka za Misozi sindingazibweze. Zako zokha ndizo zikadali m'manja.

Tikiti sindinagule. Ndinakuuza kuti ndagula, koma ndinkati tikagula mawa pomwepo. Ndiye tikafika pa siteshoni ya mabasi m'tauni, oitanira aja adzatizungulira monga amachitira, wina akukuwa Chipata, wina akukuwa Kitwe, aliyense akukoka chikwama. Ine ndidzachigwira mwamphamvu, ndipo pakamwa ndidzatseka. Ndikukudziwa, udzandiyang'ana kumaso kuti uwerenge chimene ndikufuna. Ndidzayang'ana kumbali. Usadzaganize kuti ndakwiya, ndidzakhala ndikuluma lilime. Iwe udzangotchula dzina la tauni, chikwamacho ndidzachipereka.

Ukakwera ya ku Kitwe ndidzalira, ndipo ukudziwa kuti ine sindilira mobisa. Udzandiona pawindo ndikupukuta maso ndi chitenje, anthu akundiyang'ana. Mtima wako wofewawo udzakuuza kuti utsike, unene kuti ulibe vuto, upita kulikonse kumene ndikufuna.

Usadzatsike.

Ndine mayi ako,
Nabanda